Odzasuzumira Nyenyezi Paphiri

Ikani kaye mafoniwo m'matumba, chifukwa nkhani iyi siyenda bwino pamene pali kuwala. Ndi ya Sungeni ndi mwamuna wake Lonjezo Kamwaza, anthu awiri amene sukulu inawakonda mpaka kuwatengera pamwamba pa phiri lina la ku Dedza, kumene anthu a mitu yabwinobwino amapitako masana okha kukatola nkhuni n'kutsikako dzuwa lisanapendeke. Phirilo sindilitchula dzina, poti ndikudziwa kuti pakati panupa pali ena osamva amene angafune kukadzionera okha.

Onse awiri anali akatswiri a za nyenyezi. Inde, ntchito yotero iliko, ndipo anthu amalerera ana momwemo. Kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo ndi mpweya timapumawu, kunali setilaiti yojambula thambo. Sinkajambula ndi kuwala kumene ife timaona ayi, koma ndi kuwala kwina kumene diso la munthu silikugwira, kumene ophunzira amakutcha alitiravayoleti. Zithunzi zake zinkabwera zili ndi timadontho mbwee, ndipo anzawo akunja amene ankazisanthula sakanapita patali popanda kaundula wonena kuti kadontho aka ndi nyenyezi yakutiyakuti, aka ndi yakuti, aka sitikukadziwa. Gawo lina la kaundula ameneyo linagwera banjali.

Anawapatsa kanyumba kamene kale munkagona alonda a moto wa m'nkhalango, ndipo telesikopu anaiimika pasimenti, kutsogolo kwa zenera. Mwana wawo wamkazi, Tinyade, yemwe anali atangoyamba kumene sukulu ya mkaka, anamusiya ku Linthipe kwa mkulu wake wa Sungeni, dzina lake Esinta. Anamulonjeza mwanayo kuti abwera msanga, monga makolo onse amalonjezera.

Atangokhazikika, chiperoni chinalowa m'kamera ya pa telesikopu n'kuipha. Anaimbira foni ku ofesi, ndipo ku ofesi anati ina ikubwera. Mawu akuti ikubwera mumawadziwa. Nthawi nayo sinali yodikira, chifukwa anthu akangoyamba kutentha tchire utsi umaphimba thambo mpaka mvula, ndiye ntchito ikanafera pomwepo. Choncho anabwerera ku njira ya makolo a ntchitoyi, yogwiritsa diso. Sungeni ankakhala m'nyumba pa kompyuta, n'kudina kuti telesikopu itembenukire pamene pali kadontho, kenaka n'kutchula nambala yake mokweza pazenera. Lonjezo ankakhala panja, diso lili posuzumira, n'kuyankha kuti ilipo kapena palibe. Ma palibe ankachuluka ndithu, pakuti nyenyezi zina zimene zimayaka kwambiri m'kuwala kobisika kuja, kwa diso lathu n'zofooka moti telesikopu yaing'ono ngati yawoyo siziona.

Tsono anthu a ntchito imeneyi ali ndi lamulo limodzi limene amalisunga kuposa malamulo a kutchalitchi. Diso limatenga nthawi kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kukangoti ng'ani kamodzi, zonse zawonongeka, uyambirenso. Ndiye iwo sayatsa nyali. Zenera analitchinga ndi bulangete, kungosiya kampata kodutsira mawu. Panja ankayenda ndi katochi kofiira, koloza pansi nthawi zonse. Kuunika munthu kumaso, kwa iwo, ndi mlandu woposa kutukwana apongozi.

Zinayamba ndi tinthu tating'onoting'ono toti ukauza munthu akhoza kukuseka. Lonjezo akalowa m'nyumba kudzamwa tiyi wa m'fulasiki, pobwerera ankapeza nyenyezi zonse zikuoneka mbuu, ngati wina wapotokola kachitsulo ka posuzumira kuti kagwirizane ndi diso lake. Ankangokonza, n'kunena kuti ndi kuzizira kumene kukufinya zitsulo. Kampando kamene ankakhalira ankakapeza katasendezedwa kutsogolo monga amachitira munthu wamfupi. M'mawa wina chivindikiro cha posuzumira chinasowa, n'kukapezeka pamwala chitaikidwa bwinobwino, pansi pake atayalapo tsamba. Nyani saika chinthu mwaulemu chotero, koma iwo anagwirizana zoti ndi anyani, poti anyani sakana mlandu.

Ndiyeno usiku wina mayankho anayamba kufulumira. Sungeni anatchula nambala, injini ya telesikopu ikadali kulira, isanafike n'komwe pamene ikupita, yankho linali litabwera kale. Ilipo. Mawu ake anali otsika, okhala ngati a munthu wachimfine, ndipo iye anaganiza kuti mphepo yamulowa mwamuna wake pakhosi. Anatchula ina. Ilipo. Chigawo chonse chimene ankayembekezera kuti mudzadza ma palibe chinatha popanda palibe ngakhale mmodzi. Kutacha Sungeni anamuseka Lonjezo kuti maso ake akula ngati a kadzidzi, ndipo anamuphikira madzi a mandimu. Lonjezo anamwa madziwo, koma sanaseke nawo, ndipo pakhosi pake panalibe vuto lililonse.

Patapita masiku, anzawo akunja aja anatumiza uthenga. Anali atayesa zina mwa nyenyezizo pa telesikopu yaikulu ya kwawoko, yotalika ngati nkhokwe ya kampani, ndipo zonse anazipeza pamalo pake penipeni. Anayamikira kwambiri, kenaka anafunsa mwaulemu kuti kodi ku Malawiko mukugwiritsa chipangizo chanji, popeza nyenyezi zimenezi palibe diso lingazione pa telesikopu yanuyo. Sungeni anawerenga mawu oyamikirawo mobwereza, mtima uli myaa, pakuti anali atatopa n'kuonedwa ngati anthu ongothandizira. Funso lija analidumpha, koma linamutsatirabe tsiku lonse.

Madzulo ake, mdima utangogwira, anapempha kuti asuzumireko yekha. Analozetsa telesikopu pa imodzi mwa nyenyezi zija, nadikira mpaka diso litazolowera. Munali bii. Anayesa diso linalo. Munalibe kanthu ngakhale kakang'ono, ndipo kagalasi ka posuzumira kanali kozizira modabwitsa, kuzizira kolowa mpaka m'mano. Anabwerera m'nyumba.

Tsiku lotsatira anatsika ndi galimoto kukagula zakudya. M'munsi mwa phirilo, pamene msewu wafumbi umapatukira kumtunda, panali mayi wina wogulitsa mbatatesi ndi tomato, mayi Nachisale, wokonda kucheza. Tsikulo anali wosamasuka. Atamuyezera mbatatesi anafunsa, maso ali pansi, ngati kumtundako ayambitsako mapemphero a usiku. Sungeni anati ayi, kuli iwo awiri basi. Mayiyo anati wafunsa chifukwa masiku amenewo kukamada kumadutsa anthu pamsewupo kulowera kuphiri, poyamba mmodzimmodzi, tsopano m'timagulu, opanda tochi, opanda katundu, ndipo ukawapatsa moni sayankha. Agalu a pamsikapo, amene amauwa ngakhale njinga, akawaona amalowa pansi pa mabenchi.

"Nanga amatsika nthawi yanji?" anafunsa Sungeni.

"Kutsika sindinawaonepo, mayi. Ine masiku ano ndimaweruka dzuwa likadalipo."

Sungeni anabwerera kuphiri nthawi yomweyo. Anapeza mwamuna wake atakhala pakhonde, ndipo sanazungulire, anamufunsa kuti amene amayankha usiku uja ndani. Lonjezo anayamba wapukuta magalasi ake a m'maso ndi malaya. Kenaka anaulula kuti pali agogo ena amene amabwera. Usiku woyamba anatulukira cha kunkhalango, naodira motsitsa, n'kuima chapatali. Anafunsa kuti mwanawe ukufunafuna chiyani kumwambako, ndipo atawafotokozera anapempha kuti asuzumireko. Lonjezo analeredwa bwino, sakanakhala pampando munthu wamkulu ataimirira. Anawapatsa malo. Nthawi yomweyo Sungeni anatchula nambala pazenera, ndipo agogowo anayankha.

Sungeni anafunsa kuti agogowo ndi ooneka bwanji, aatali kapena aafupi, amavala chiyani.

"Sindinawaunike," anatero Lonjezo. "Ndiunike munthu wamkulu kumaso, mayi a Tinyade? Komanso nthawi ya ntchito?"

Anapitiriza kunena kuti tsopano agogowo amabwera ndi anzawo, amuna ndi akazi, anthu aulemu kwambiri, odikirana popanda kulimbirana. Ena akasuzumira amangousa moyo, ena amati ndi pomwepo, n'kupatsa mnzawo malo. Katochi kofiira kakaloza pansi iye amaona udzu wokha, koma udzu ndi wautali, mapazi a munthu akhoza kubisika. Zonsezi ankazinena modekha, ngati akufotokoza za anansi amene abwera kudzaonera mpira pa wailesi ya kanema.

Apa mpamene ine ndimamudandaula Sungeni. Mantha anali nawo, ndipo akanati tiyeni tizipita tsiku lomwelo, Lonjezo akanamvera. Koma anayang'ana kumapiri a kutali, naona utsi woyamba wa lupsa ukukwera, nakumbukira mawu oyamikira aja. Mayankho anali olondola, ntchito inali kuuluka, ndipo alendowo sanapweteke munthu. Anadziuza kuti mwina ndi anthu a m'midzi ya kuseri kwa phiri, a maso akuthwa chifukwa sanawaononge ndi mabuku. Iye mwini sanazikhulupirire, koma zinamukwanira kuti agone. Chimene anapempha n'chimodzi chokha, kuti Lonjezo azipukuta kagalasi ndi kansalu asanaikepo diso lake pamene pachoka la mlendo.

Lonjezo anavomera, koma sanachite. Mungapukute bwanji chinthu pamaso pa mlendo amene wangochigwira kumene, ngati mukumuuza kuti ndi wauve? Anapitiriza kuika diso lake pamene pachoka maso awo, usiku ndi usiku.

Sipanatenge nthawi, Sungeni anazindikira kuti mawu achimfine aja sakumvekanso pafupipafupi. Amene ankayankha tsopano anali Lonjezo mwiniwake, ndi mawu ake enieni amene iye anawazolowera kuyambira ali pachibwenzi, ndipo ankayankha kuti ilipo pa nyenyezi zimene diso la munthu silingaone. M'mawa ankalowa m'nyumba nkhope ikuwala, n'kumafotokoza kuti thambo limene tonse timalidziwali ndi chikuto chabe, kuti kuseri kwake kuli nyenyezi zothithikana ngati mapira pamphasa, za mtundu umene alibe nawo dzina. Ankalankhula mofulumira, osadya, ndipo Sungeni anayamba kuchita naye mantha.

Kenaka zinayamba kuoneka masana. Tsiku lina Sungeni anamupatsira kapu ya tiyi, ndipo Lonjezo anadzidzimuka nabweza dzanja, n'kuseka mwamanyazi kuti sanamuone akubwera. Tsiku lina Lonjezo anamuponda mkazi wake phazi pakhomo, dzuwa likuswa mtengo. Anyani atadzaza pamwala wa kuseri kwa nyumba, akusewera ndi kukuwa, iye anafunsa kuti kodi anyani aja anasamukira kuti. Miyala ankaiona, mitengo youma ankaiona, galimoto ndi zitseko ankaziona bwinobwino. Zamoyo ndi zimene zinkamuthawa. Polankhula ndi mkazi wake ankayang'ana pambali pang'ono, cha paphewa, monga amachitira munthu amene akungotsatira mawu.

Sungeni anaima patsogolo pake masana ena, namugwira masaya ndi manja onse awiri, n'kumuuza kuti anene zoona.

"Mukuoneka ngati utsi," anatero Lonjezo. "Dzulo munali bwinoko. Mukamalankhula ndimadziwa kuti muli apa."

"Nanga iwo aja?"

"Iwo ndayamba kuwaona bwino."

Pamenepo Sungeni analira, kulira kwenikweni kwa munthu amene wadziwa kuti wapalamula. Za kaundula zinamuchoka mumtima nthawi yomweyo, akunja aja akanafuna akanabwera kudzamaliza okha. Chimene ankafuna tsopano n'kutsitsa mwamuna wake paphiripo maso ake asanatheretu kuona amoyo. Anayamba kulonga zovala m'chikwama. Koma Lonjezo, munthu amene pa ukwati wawo wonse sanakanepo kanthu mwaukali, anakhala pakhomo n'kukana. Anati kwatsala kachigawo kamodzi kokha, ka usiku umodzi, ndipo ngakhale pakanapanda kachigawoko, munthu suchoka pamalo osatsanzika kwa amene akhala akukuchezera. Anati akathawa masana ngati mbava, alendowo adzawafunafuna, ndipo kumene angakawafunire ndi ku Linthipe. Mawu amenewo ndi amene anamufooketsa Sungeni. Anavomera usiku umodzi.

Dzuwa lisanalowe anachita zinthu ziwiri mwakachetechete. Anasuntha galimoto n'kuiimika moyang'ana telesikopu, ndipo kiyi anamumangirira pa ngodya ya chitenje. Anafunanso tochi yaikulu yoyera imene inkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, koma pamsomalipo panalibe kanthu. Anafufuza pansi pa bedi, m'makatoni, m'galimoto. Lonjezo anati sanaigwire, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti sakunama.

Usiku umenewo kunalibe mphepo, kunalibe nkhululu, kunalibe ngakhale mbalame ya lumbe amene ankalira tsiku lililonse cha kumwala. Sungeni anakhala pa kompyuta, natchula nambala yoyamba. Anayankha Lonjezo, ndipo mtima unakhalako pansi. Anatchula yachiwiri, anayankhanso iye, koma pansi pa mawu ake panali mawu ena, ngati mmene mpingo umatsatirira wotsogolera nyimbo. Pamene ankafika pakati pa chigawocho, usiku utapita ndithu, mayankho ankachokera paliponse, kutsogolo kwa zenera, kuseri kwa nyumba, cha kuchimbudzi, ndipo ena anali pafupi kwambiri moti bulangete la pazenera linkagwedezeka pang'ono akamayankha. Sankakuwa ayi. Ankayankha motsitsa, mwaulemu, onse pamodzi.

Anatchera khutu kuti apeze mawu a mwamuna wake pakati pa mawuwo. Pa nambala ina anawamva, ali patali kusiyana ndi pamene pali telesikopu. Pa yotsatira sanawamve.

Anasiya manambala. Anayandikira kampata ka pazenera naitana motsitsa kuti bambo a Tinyade. Kunja kunati zii. Anaitananso. Ndiye wina, pafupi penipeni ndi khutu lake, kuseri kwa bulangete, anakhosomola pang'ono monga amachitira munthu wokukumbutsa kuti anthu akudikira, pitiriza.

Sungeni anatenga katochi kofiira natsegula chitseko. Kunja kunali kuzizira kosiyana ndi kwa masiku onse, kuzizira kokhala m'malomalo, moti ukaponda apa pali bwino, ukaponda apo ngati walowa m'madzi. Analozetsa katochi pansi, poti dzanja linazolowera, ndipo ankaona udzu wokha. Koma njira yopita ku galimoto, imene masana inali yopanda kanthu, tsopano inali yothina. China chinamukhudza pachigongono. China chinasendeza mwendo kuti iye adutse. Anapezeka akuwerama, dzanja lili kutsogolo, akunong'ona kuti zikomo, zikomo, ndidutse nawo, monga timachitira podutsa pakati pa anthu okhala pansi pamaliro. Kunkamveka fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali itasiya kalekale.

Atafika pagalimoto, mfundo ya pachitenje inakana kumasuka. Anailuma ndi mano mpaka inatheka. Analowa, natseka chitseko, ndipo ngakhale pamenepo, mukhulupirire, dzanja lake linazengereza pa switchi ya magetsi. Zaka zonse za ntchito zinkamuuza kuti sayatsa, uononga maso a mnzako. Anatseka maso ake, nayatsa onse, aatali omwe.

Atatsegula maso anaona kampando kali kopanda munthu, koma telesikopu ikugwedezeka pang'onopang'ono monga imachitira wina akaitsamira. Udzu wa pabwalo lonse unali wophwanyika m'malo ozungulirazungulira, ndipo iye akuyang'ana, unayamba kudzuka, apa, kenaka apo, kenaka paliponse. Pakhoma la kanyumba panali zithunzithunzi. Za zimenezo Sungeni sanafotokozerepo munthu bwinobwino, amangoti khomalo linawachepera. Ndipo panamveka kutsonya, kwa pakamwa pambirimbiri nthawi imodzi, kutsonya kwa akuluakulu amene mwana wawachitira chipongwe pagulu.

Lonjezo anali kumapeto kwa bwalo, pamene kanjira kamalowera m'nkhalango. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lamanja litatambasukira kutsogolo ngati la munthu amene akutsogoleredwa, mutu ukugwedezera uku ndi uku monga wopereka moni. Kuwala konse kuja kunali pamsana pake, koma sanacheuke n'komwe.

Sungeni sakumbukira mmene anadutsira pabwalopo. Anangopezeka wagwira dzanja lamanzere la mwamuna wake ndi manja onse awiri. Anakoka, ndipo anamva kuti mbali inayo kulinso wina akukoka, osati mwamphamvu, koma mosatopa, mwa munthu amene sakufulumira. Lonjezo anayang'ana dzanja lake logwidwalo modabwa, nafunsa kuti ndani. Sungeni anati ndine, ndipo anachita kubwereza mokweza kuti amve. Mapazi ake anayamba kutsetsereka pa udzu, kulowera kumitengo. Nzeru zonse za kusukulu zinali zitatha, ndiye anangogwada pomwepo, dzanja lija osalisiya, nalankhula kwa mdima umene unali kutsogolo kwawo.

"Pepani akuluakulu. Ndalakwa ndine, kukuunikani. Koma awa ali ndi mwana wamng'ono."

Kumbuyo injini ya telesikopu inkalira yokha. Kenaka kukoka kuja kunalekeka, osati mwadzidzidzi, koma ngati munthu akumasula chala chimodzichimodzi. Dzanja la Lonjezo linagwa. Sungeni anamukokera ku galimoto, namukankhira mkati, ndipo sanabwererenso m'nyumba kukatenga chikwama, kompyuta kapena china chilichonse.

Atayenda pang'ono, magetsi akuwala mpaka kutsidya kwa chigwa, Lonjezo anafunsa modandaula kuti n'chifukwa chiyani akuyendetsa galimoto osayatsa magetsi. Sungeni anangoluma mlomo n'kugwiritsa chiwongolero.

Msewu wotsika phirilo ndi wokhotakhota, wamiyala, ndipo unali wopanda munthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma Lonjezo ankangoti chepetsani liwiro, pali anthu, imbani belu, mayi awo ali ndi mwana kumbuyo. Nthawi zina ankakweza dzanja kupereka moni pawindo. Nthawi ina anagwira dashibodi n'kutseka maso, kenaka anacheuka kumbuyo nati mwawadutsa pakati, koma sanakwiye. Sungeni ankamulankhula kosalekeza kuti asamutaye, ankamuuza za denga la nyumba yawo limene linkadontha, za nsapato za Tinyade zimene zinali zitayamba kuthina, chilichonse chimene chinabwera m'mutu. Poyamba ankayankha. Atafika pamsewu wa tala anayamba kufunsa kuti mwati bwanji, ndipo kenaka anati mawu ake akumveka ngati akuchokera m'chitsime.

Chiyembekezo chimene Sungeni anatsala nacho chinali chimodzi, ndipo anachigwira zolimba njira yonse. Ankati ine akhoza kulephera kundiona, ndine mwana wa eni, tinangokumana ku koleji. Koma Tinyade ndi magazi ake. Ndi mwana amene iye ankamubereka kumbuyo ndi chitenje anthu akumuseka, amene ankamuzindikira kulira kwake pakati pa ana onse a kusikelo. Akangomuona mwanayo, maso adzakumbukira ntchito yawo, ndipo zinazo zidzabwerera pang'onopang'ono.

Anafika ku Linthipe kutayera, atambala akumalizira kulira. Esinta anali akusesa pabwalo, ndipo ataona nkhope ya mng'ono wake anasiya tsache. Sungeni anatsika, nazungulira, natsegulira mwamuna wake chitseko. Lonjezo anatuluka bwinobwino. Nyumba anaizindikira, ananena kuti alamu apaka laimu watsopano. Anayang'ana pabwalo ponse, kudutsa pamene panaima Esinta, nafunsa kuti kodi eni nyumba apita kuti m'mawa chonchi. Kenaka anavula chipewa, nawerama pang'ono kuloza pansi pa mtengo wa mango, pamene panalibe munthu.

Chitseko chinatseguka, ndipo Tinyade anatuluka ndi diresi logonera, tsitsi lili nyankhalala. Ataona galimoto anakuwa kuti adadi, nathamanga osavala nsapato, kudutsa amayi ake, mpaka kukadziponya pa miyendo ya bambo ake n'kuikumbatira zolimba, nkhope ataikwirira m'mabondo.

Lonjezo anauma thupi lonse. Anayang'ana pansi, pamutu penipeni pa mwanayo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, akuphethira, akupendeketsa mutu monga ankachitira pofunafuna nyenyezi yofooka. Manja ake anakwera m'mwamba pang'onopang'ono, kutalikira chimene chinamugwiracho. Atalankhula, analankhula monong'ona, mwa munthu amene sakufuna kuopseza mkazi wake.

"Mayi a Tinyade, ngati muli pafupi, musachite mantha. Pali chinthu chandigwira miyendo. N'chotentha. Tandichotsereni."

Mwanayo anadzutsa mutu, akumwetulirabe, kudikira kuti anyamulidwe. Sungeni anagwada pafumbipo, nayamba kumasula tizala ta mwana wake pa buluku la bambo ake.